Buku Limene Abambo Anagona Nalo

Kaphuka, Dedza
14 Ogasiti 1978

Okondedwa achimwene a Gerevazio,

Kodi muli bwanji kumeneko ku Mangalande, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chatipsereza kachewere kudimba. Kalatayi ndapatsira asisitere obwera kumeneko, sindinafune idzere ku positi.

Za maliro a abambo munamva kwa ansembe. Pali china chimene iwo sadziwa, ndipo chikundidya.

Buku lanu linafika mu Meyi, ndinakalitenga ndekha ku boma. Zaka zonsezi mwakhala mukulondola mbiri ya Chigiriki ndi Chilatini, kuchokera ku seminale mpaka lero akukutchani pulofesa, ine ndinkakusekani kuti mukuweta ziyankhulo za anthu akufa. Koma nditaona dzina la kwathu pachikuto, misozi inatsika.

Kenaka ndinatsegula m'kati. Masamba ena anali ndi zilembo zopindikapindika zimene sindinazionepo. Mwezi womwewo apolisi anali atagwira a Ezara, aphunzitsi a pasukulu pathu, chifukwa cha mabuku akunja, ndipo mpaka lero sitidziwa kumene ali. Amuna anga anati zilembozo n'za ku Rasha, tikathera m'ndende tonse. Achimwene, ndinalitentha kuseri kwa khola.

Abambo nthawiyo maso anali atafa. Tsiku lililonse ankafunsa ngati buku la mwana wawo lafika, n'kumadzitama kuti Chilatini choyamba munachimva pakamwa pawo akutsogolera kwaya. Atafooka kwambiri ndinatenga buku la zaulimi limene alangizi anatisiyira, n'kuwaika m'manja. Analisisita nthawi yaitali. Anati likulemera ngati la munthu wophunziradi, ndipo anapempha kuti tidzawaike nalo m'bokosi. Tinatero.

Lamulungu lapitali ndinaona buku lanu lina, lofanana ndi limene ndinatentha lija, patebulo la ansembe, poyera, popanda wolibisa. Anandiuza kuti zilembozo n'Chigiriki basi, monga cha m'Chipangano Chatsopano, ndi kuti tsamba loyamba munalembera abambo m'Chilatini. Manyazi anandigwira, sindinafunse kuti likuti chiyani.

Mtima wanga wasweka, achimwene. Ndinawanamiza abambo ali pafupi kufa, ndipo inu ndinakulandani tsiku limene munalivutikira. Sindikupempha buku lina. Ngati mungathe kundikhululukira, mundilembere m'Chichewa mawu a patsamba loyambalo, ndikawawerengere kumanda.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Magadalena