Boyila ya a Dada

Lolemba, 4 Novembala

Sabata yachiwiri khitchini ili chipwirikiti. Fumbi mpaka mu tiyi. Zonsezi chifukwa Loweruka kukubwera azimayi odzafunsira Dilrabo, mchemwali wa mwamuna wanga, ndipo apongozi anga aakazi, a Oyi, akuti anthu otere sayang'ana mtsikana, amayang'ana khitchini ya mayi ake. Ine mtengwa, kelin monga amandiitanira, ntchito yanga ndi kusesa ndi kuvomera.

Lero Usta Hikmat, mmisiri wathu, anaima pa boyila ya gasi yotenthetsa nyumba, imene ili m'khitchinimo, n'kupukusa mutu. Akuti yakalamba, chumuni chake n'chothina, ndiye igulidwe ina kapena isamukire ku kanyumba ka panja. Apongozi aamuna, a Dada, anachita kuseka.

"Imeneyi ndinaimanga ndi manja angawa chaka chimene anabadwa mwana wanga Bekzod. Iwe unali ukuyamwa."

"Erkin aka, mkulu wanga, inetu kuyamwa ndinasiya kalekale. Nayonso ipumeko."

Ndinaseka chamumtima. Mapeto ake agwirizana zoibisa m'kabati kuti alendo asaione.

Lachiwiri, 5 Novembala

Kabati yatha. Kukongola yakongola, sindikana.

Kwayamba kuzizira, ndiye tamata mazenera monga chaka chilichonse: thonje m'ming'alu, pamwamba timapepala tonyowetsa ndi sopo. Usta atangotuluka, a Oyi anandikweza pa mpando kuti nditsekenso kabowo ka mphepo kali pafupi ndi denga. Akuti kamalowetsa chisanu ndi mphemvu. Ndatseka ndi chiguduli, ndi manja angawa.

Lachitatu, 6 Novembala

Mutu kuwawa tsiku lonse. Miyendo kulemera.

Mwana wanga Sevinch wasanza kawiri. Mwana wa zaka zitatu amene sakhala pansi, lero wangogona pansi pa tebulo pomwe amasewera ndikamaphika. A Oyi akuti wina wamuyang'ana ndi diso loipa. Afukiza isiriq, zitsamba zothamangitsira zoipa, nyumba yonse, utsi tolotolo, n'kumuzunguliza nao pamutu. Nditawauza za mutu wanga anandiyang'ana pamimba. "Kelin, kapena kuli kanthu?" Mwana wawo Bekzod, mwamuna wanga, anapita kukagwira ntchito ku Russia mu Malichi, kanthuko kachokera kuti?

Lachinayi, 7 Novembala

Ndikuchita mantha.

M'mawa ndinapita kumsika ndi Sevinch kukagula karoti ndi nyama ya nkhosa. Tisanafike n'komwe mutu unali utapola, mwana akuthamangitsa nkhunda. Tabwerera, ndakanda ufa wa buledi kwa ola limodzi, mutu uja uwu. Ndinatsegula kabati. Moto wa boyila umakhala wabuluu, lero ndi wachikasu, ukungogwedera. Chitseko cha kabati chada mwaye mkati, masiku awiri okha.

Chaka chatha kuseri kwa msika kunatuluka maliro anayi m'nyumba imodzi. Ankati gasi. Ndinapita kukapepesa, ndinaona tinsapato ta ana pakhomo.

Ndamuimbira Usta ndili kuchimbudzi cha panja. Sanandilole kumaliza. "Mlongo wanga, zimitsani lero lomwe. Mpweya umenewo sununkha, suoneka. Munthu amangomva tulo." Koma kubwera sangabwere mwini nyumba asanamuitane.

Ndamuimbiranso Bekzod. Akuti, "Mohira, bambo amaidziwa boyila ija kuposa mmene amandidziwira ine. Chonde usandichititse manyazi." Iye akulankhula ali kutali, akupuma mpweya wabwino.

Lachisanu, 8 Novembala

Zaka zisanu m'nyumba muno sindinawatsutsepo a Dada. Lero ndawapatsira tiyi, dzanja lina pachifuwa monga mwa masiku onse, ndipo ndanena zonse. Mutu, mwana, moto wachikasu, kabowo.

A Dada aika kapu pansi.

Kenako: "Kelin, sukulu ya zamapaipi munalowa liti? Sitinakuperekezenitu."

A Oyi akuti alendo asadzakhale m'nyumba yozizira ngati kumanda, tidzaona Lolemba. Dilrabo walira, akuti ndikufuna kumuonongera mwayi. Ndinamatula pepala pa zenera limodzi, pofika masana a Oyi anali atamatanso. Kabowo akuti ndikangokakhudza ndinyamule katundu.

Sevinch ndamusiya kwa anansi athu, a Muhabbat opa. Ndanama kuti asasokoneze zokonzekera. Ndikuphika chitseko chili pululu, ndikutuluka panja kawirikawiri ngati wotsegula m'mimba.

A Dada alengeza kuti mawa karoti wa osh, mpunga wa nyama wa alendo, adula okha monga mwa nthawi zonse, koma osati pabwalo. Akhala m'khitchini momwemo, chitseko chotseka, kuti kelin aone kuti boyila yawo siluma munthu. Ndawapempha. Andiyankha kuti tiyi wazizira.

Loweruka, 9 Novembala

Ndikulemba ndili pa benchi kuchipatala. Dzanja lamanja alimanga bandeji, zilembo zikupita kwina.

Alendo anafika isanakwane leveni koloko, azimayi atatu, maso ngati ogula ng'ombe. Malo anga anali pakhomo la chipinda cha alendo, kuthira tiyi, kuwerama, kumwetulira. Mtengwa sachoka alendo asanamalize, a Oyi anandikumbutsa kawiri. Koma khutu langa linali kukhitchini. Mpeni wa a Dada pa thabwa, go go go. Ndinkaumva kudutsa zitseko ziwiri.

Kenako unayamba kuchedwa. Go. Patapita kanthawi, go.

Wamkulu mwa azimayi aja anali akufunsa ngati Dilrabo amatha kusoka. Ine ndikuwerenga mumtima. Ndinafika makumi asanu, mpeni osamveka. Ndinadziuza kuti mwina amaliza. Karoti anali thumba lonse, sakanamaliza.

Ndinaika tiyipoti pansi, kapu ya mlendo ili theka, ndipo ndinathamanga. Kumbuyoku a Oyi, "Kelin!"

Ndinawapeza atatsamira pa tebulo, tsaya lili pa karoti, mpeni uli pansi. Ndinawagwedeza, mutu unangogwera mbali. Zenera lomata lija linakana kutseguka, ndinaliswa ndi mpini wopondera buledi. Galasi kundicheka sindinamve. Ndinatseka gasi pa paipi yaikulu. Ndinakuwa mmene sindinakuwirepo chibadwire, Dilrabo anabwera ndi diresi lake latsopano, iye miyendo ine m'khwapa, tinawakokera pabwalo. Mmodzi wa alendo aja ndiye anaimbira ambulansi, a Oyi atangoima pakhomo manja kukamwa.

Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Ndinagwada pa simenti yozizira ndikuwasisita pachifuwa, ndikupemphera mosokoneza mawu. M'mutu munali chinthu chimodzi: chiguduli chija ndinaika ndine.

Anakhosomola. Anasanza. Maso anatseguka, akuyendayenda ngati sakutidziwa.

"Mwana ali kuti?"

"Ali kwa a Muhabbat opa, Dada. Chichokereni dzulo."

Anapuma kawiri, movutikira. "Katsekeni gasi."

"Ndatseka kale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, magazi anga ali pa malaya awo, ndipo anagwedeza mutu pang'ono.

Adokotala akuti agona kuno masiku angapo. A Oyi atuluka muwodi posachedwapa, akhala pa benchi pambali panga osandiyang'ana. Kenako andipatsa foni yawo.

"Muimbireni Usta uja. Muuzeni inuyo komwe boyila ikakhale."