Kontena ya Amalume Anu

Bambo a Jessica,

Munawauza chiyani amalume anu za ntchito yanga? Afika m'mawa kuchokera ku Limbuli ndi lole, ati ndiwapatse kontena imodzi atsegule golosale! Ndawafotokozera kuti makontena anga ndi mapulogalamu, ndimaika pa makompyuta obwereka a pa intaneti amene timati "mtambo". Akuti ndikuwamana.

Kenako azula pa magetsi laputopu yanga yakufa batire ija kuti atchaje foni yawo, ili mkati moika yokha makontenawo. Zonse zathera panjira, pomwe abwana akuzifuna masana ano. Ndathamangira kwa mnzanga Sheila ku Chinakanaka kukayambiranso.

Pepani, ndiwo sindinaphike. Amalumewo ali pakhonde, muthane nawo nokha. Akaumirirabe, alozereni mtambo uli pa phiri la Chambe uwo, akatsitse okha kontenayo.

Esteri