Kaliyala Wosanyamula Munthu

Lolemba, 3 Juni
Kaliyala watsopano ndagula! Wopepuka ngati nthenga, wokolekapo zikwama ziwiri uku ndi uku. Wakale wachitsulo uja apitirize kugona ndi dzimbiri lake kuseri kwa kabati.

Wokonza njinga wandichenjeza: "Bambo, ameneyutu ndi wa katundu basi. Mukakwezapo munthu, apindika." Ndati munthu wake uti? Ulendowu ndi wa ine ndekha. Chipumireni pantchito ndimangolota msewu uja wokhotera kuseri kwa phiri, umene ndinkauona pawindo la ofesi zaka zonsezi. Kumene umathera sindikudziwa. Ndikufuna ndikaone ndi maso angawa.

Lachiwiri, 4 Juni
Tsiku lonse pakhonde ndi sipanala. Mabawuti am'munsi alowa bwinobwino, koma timikono tam'mwamba sitimafika pa felemu. Ndatipinda pang'ono, tatheka. Akazi anga anabwera kudzandigwirira njinga. Kenako anayeza kaliyala ndi chikhatho, m'litali ndi m'lifupi. Ndiye kuti akundiseka chamumtima.

Lachitatu, 5 Juni
Chidendene chikugunda chikwama ndikamapalasa. Kumasulanso, kusunthira m'mbuyo. Msanawu!

Lachinayi, 6 Juni
Ndinasinza pampando masana. Njinga imayenda yokha, mitengo ikundipatukira, mphepo ikununkhira mvula. Ndatsala pang'ono kukhota paphiri paja, makina osokera andidzutsa. Amayiwa akusoka chiyani kaya, akungong'ung'udza kanyimbo.

Lachisanu, 7 Juni
Ndawamva pafoni ndi mng'ono wawo: "Abambo amangatu kaliyala. Ukukumbuka mmene ankandinyamulira tisanakwatirane? Mawa tikukaona kuseri kwa phiri." Kuseka ngati kamtsikana.

Maloto onsewa, ine osawaikamo olo kamodzi. Ndachita manyazi, ndipo pakamwa pandilemera kuwauza kuti malo awo palibe.

Loweruka, 8 Juni
M'mawa ndapeza kakhushoni ka maluwamaluwa katamangidwa pa kaliyala ndi tizingwe. Kakwana ndendende. Zikwama zanga azitsitsa, aziika bwinobwino pampando.

Msewu uja ndinauonanso m'maganizo, mitengo yomwe ija, koma ulendo uno muli dzanja m'chiuno mwangamu.

Ndakankha kabati, ndamutulutsa wachitsulo uja, ndamupukuta ndi kansanza ka mafuta.

"Tinyamuka nthawi yanji, bambo?" Avala kale nsapato.

"Musafulumire, mayi. Tandipatsirani sipanala ija, mundigwirirenso njinga."