Rahma amwe madzi masana

Johannesburg

Okondedwa achimwene a Umali,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Nsaru pamodzi ndi alamu ndi ana, ndipo mwezi wa Ramazani ukukuyenderani bwino. Kodi mwendo wa amayi unasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu, kenaka n'kumanamizira netiweki.

Za kuno n'zochepa. Ndidakali pa shopu ya nsalu ija, koma nyumba ndinasamuka poti yoyamba inkadontha. Zina zidikire, lero nkhani ndi ya mwana wanga.

A Kettie, aphunzitsi ake a Rahma, anandiimbira foni. Akuti anamupeza kuseri kwa kalasi atagwada, akusanza, maso ataphimba ndi mpango chifukwa kuwala kumamulasa. Atamupatsa madzi anakana, ati wafunga, akusala kudya ndi kumwa. Achimwene, mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, wodwala mutu waching'alang'ala, azifunga tsiku lathunthu, ine mayi wake n'kumvera kwa aphunzitsi? Ndapsa mtima kwambiri, ndipo sindikubisirani.

Kuchipatala tinapitira limodzi ndisananyamuke, simungati simukudziwa. Adokotala anati mapilitsi amathandiza akamwedwa mutu ukangoyamba, koma asakhale a tsiku ndi tsiku, chifukwa akachuluka omwewo amadzutsa mutu wina. Anatinso chachikulu n'chakuti mwana azidya pa nthawi yake, azimwa madzi, azigona mokwanira, ndipo mutu ukamugwira akagone m'chipinda chamdima, chopanda phokoso. Inu munangotolapo za mapilitsi, poti amenewo ali pashelefu m'golosale mwanu. Zogonazo munaziseka m'minibasi pobwerera, mumvekere matenda ochira ndi tulo ndi ulesi.

Nditawapanikiza alamu, anandiuza zomwe mukuchita. Akuti m'bandakucha uliwonse pa daku, mukamadya musanayambe kufunga, mumamumwetsa panado, ati kutchingira mutu usanabwere. Nzeru zimenezi anakupatsani ndani? Nthawi imeneyo mutu sunayambe n'komwe. Umabwera masana dzuwa likaswa mtengo, mphamvu ya mankhwala itatha kale, ndipo pamenepo sangamwe ena, ngakhale dontho la madzi. Ndiye mwamulanda zonse: chakudya, madzi, tulo, ndi mankhwala pa nthawi imene akanamuthandiza. Temu yatha, alamu akumusamala monga ananenera adokotala, mutuwu unkabwera mwa apo ndi apo, ndipo panado ankamwa kamodzikamodzi. Pano akuti ndi pafupifupi tsiku lililonse. Ngakhale kasitomala wanu wosaphunzira akhoza kuona kusiyana kwake.

Musaganize kuti Joni yandiiwalitsa chipembedzo. Inenso ndikufunga, chiimirire tsiku lonse kuyeza nsalu. Koma Rahma sanathe msinkhu, komanso ndi wodwala. Pitani kumzikiti mukawafunse a Shehe ngati Mulungu amafuna zimenezi kwa mwana wotere.

Ndikudziwa muyankha kuti simunamukakamize. N'zoona, simunamugwire pakhosi. Koma mumamuitanira pakhonde la golosale n'kumamuonetsa kwa anthu, ati onani mwana wa mlongo wanga, wamng'ono koma akuposa akuluakulu. Ndinalankhula naye pa foni ya alamu. Poyamba anakanitsitsa, ati ali bwinobwino. Kenaka analira, n'kundichonderera kuti ndisakuuzeni kanthu, poopa kuti amalume asiya kumunyadira. Anandiuza kuti akamaswali sapempha kuti achire, amangopempha kuti inu musamuone akusanza. Ndinalephera kugwira ntchito tsiku limenelo.

Munandilerera mwana bambo ake atamwalira, ndipo zimenezo sindidzaiwala. N'chifukwa chake pempho langa ndi limodzi lokha. Tsiku lomwe mulandire kalatayi, Rahma akaweruka kusukulu, musatume alamu kapena amayi. Inuyo mutunge madzi m'kapu, mumupatse ndi dzanja lanu pakhonde lomwelo, anthu akuona, ndipo mumuuze kuti chaka chino wakwanitsa, adye. Ine ndamuuza, wakana. Aphunzitsi amuuza, wakana. Madzi amenewo sangawalandire kwa munthu wina koma inu.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Ummi, kwa azakhali a ku Kasiya ndi ana onse. Rahma musamuuze kuti ndaulula.

Ndine mlongo wanu wokwiya koma wokudaliranibe,

Nasrin