Galimoto Yanu Ili M'nyanja ku Ngala

Bambo a Rute,

Inu mukaona chinthu chikugwira ntchito bwinobwino, manja amakuyabwani mpaka muchimasule. Munachotsa handibuleki ya waya m'galimoto yathu n'kuikamo chitsulo chachitali choyendera mafuta, akuti muzikazunguliza galimoto pabwalo la mpikisano ngati anyamata a ku Lilongwe, fumbi lili koboo, anthu akukuwomberani m'manja. Chimene munaiwala kundiuza n'choti chitsulo chanucho chimagwira pokhapokha dzanja lili pomwepo.

M'mawa uno ndinapita ku Ngala kukapikula usipa. Ndinaimika galimoto pamtsetse paja, ndinakoka chitsulocho, n'kutuluka. Galimoto inanditsatira, kenako inandipitirira. Yagumula mathandala a usipa a bambo Sadick, ndipo pano ili m'nyanja, madzi akulekeza m'zitseko. Palibe wavulala. Anthu oonerera mumawafuna aja analipo ambiri, kungoti m'manja sanawombe. Pepani kuti mpikisano wanu ndayamba ndine.

Tengani chingwe cholimba ndi amuna amphamvu mukaivuule mwera usanayambe. Koma mukayambe mwaonana ndi a Sadick. Andiuza kuti mlandu wa mwamuna sakambirana ndi mkazi, ndipo lero lokha mwambo umenewu ndagwirizana nawo.

Dzulo munamusiya Rute m'galimoto yomweyi mukugula ndiwo pamsika. Ndamutenga, tikakhala ku Dwambazi kwa achemwali mpaka handibuleki yakale ibwerere m'malo mwake. Chikwama ndalongedza kale. Tikwera minibasi, chifukwa iyo ikaimitsidwa imaima.

Ndine Liness