Chombo cholowa m'bokosi

Lolemba, 14 Januwale

Bokosi lija labwerako ku Dubai. A Haji Imbichikoya, amene amatigula zombo zathu zing'onozing'ono, abwera nalo okha m'mawa. Alitula pa benchi panga pogwirira ntchito, mpando osaufuna. Kutsegula, timatabwa tonse tili mbwee, tina tothyoka, tina topakidwa guluu mpaka kuda. Akuti wogula wake ndi dokotala wa mano. Walimbana nato mwezi wathunthu, palibe thabwa lomwe lagwirana ndi linzake.

"Amisiri Kelappan," atero a Haji, "munthu wozula mano a kumapeto walephera. Munamuikira chombo kapena nkhuni?"

Ndati nkhuni sazipala chonchi. Sanaseke.

Ine zoika uru, chombo chakwathu chamatabwa, m'bokosi sindinazifune chiyambire. Uru ndi chombo, ngakhale atakhala wamfupi ngati mkono wangawu. Ndimange, ndimangirire matanga, munthu anyamule azipita. Koma akuti milongoti imathyoka m'njira, ndiye ogula akufuna zidutswa, akalumikize okha kwawo. Akuti zimawasangalatsa. Chabwino.

Mawu a Haji ndi awa. Abweranso Lolemba likudzali. Akadzapeza chombo chochokera m'bokosi, chomangidwa ndi munthu amene si kalipentala, ntchito ikhala pano. Apo ayi apita nayo ku Coimbatore, kwa a makina odula matabwa ndi kamoto, ife tizingosoka matanga. Kunena kwina, benchi yanga itsekedwa.

Mwana wanga Sheeja, amene amayendetsa zonse za pano, wawaperekeza mpaka pa geti. Pobwera sanandiyang'ane.

Lachiwiri, 15 Januwale

Ndakhala nato timatabwa ta dokotala m'mawa wonse. Vuto ndaliona. Munthuyo sanapale ngakhale limodzi, wangotenga n'kumata.

Ndamuitana Sheeja adzaone ulesi wake. Ndamuonetsa kanyama kamene ndimasiya m'mbali mwa thabwa lililonse. Bambo anga, pa gombe pomwe tinkamanga zombo zikuluzikulu, ankati thabwa sulimalizira pansi, umalimalizira pa chombo. Kuliyesa pa linzake, kupala pang'ono, kuyesanso, mpaka tsitsi lilephere kudutsa. Wodula thabwa mpaka pa mzere ankamulanda sowo, azikagula tiyi.

"Bambo, dokotala wa ku Dubai ali ndi chopalira matabwa?"

Ndati nyumba yopanda chopalira ndi nyumba yanji.

"Nyumba za anthu onse, bambo. Kupatula ino."

Sanalekere pomwepo. Wandionetsa pa foni mabokosi a kunja. Iwo amayamba ndi msana, kenako nthiti zonse, matabwa n'kumavala pamwamba. Ife kuno ku Beypore timayamba khungu, thabwa pa thabwa, diso likutsogolera. Nthiti zimalowa chombo chitaonetsa kale mimba. Ndi mmene ndinakonzera bokosi lija. Sheeja akuti munthu wopanda diso langa alibe pogwira, matabwa angomugwera m'manja.

Ndati nthiti zikayamba, ndiye kuti nthitizo ndi zimene zikulamula mmisiri.

"Eya. N'zimene tikufuna. Mmisiriyo kumeneko kulibe."

Tiyi wamadzulo wazizira pa benchi.

Lachitatu, 16 Januwale

Ntchito sindinaikhudze. Ndapita ku mtsinje kukaona uru wamkulu amene akumangira Mwarabu wina. Mammad, mnzanga wakale wokoka zombo, wandikuwira ali pamwamba: "Amisiri a zidole! Mwakankhira zingati m'beseni lero?" Onse kuseka. Ndabwerako ndi nsomba.

Lachinayi, 17 Januwale

Ndadula nthiti. Msana ndaucheka timipata, nthiti iliyonse pamalo pake. Kuziimika zonse popanda khungu, chaoneka ngati nsomba yodyedwa kale. Koma chaima. Ndipo mimba yake ndi ya uru ndithu, chifukwa nthitizo ndaziyeza m'kati mwa chombo china chimene ndinamanga mwa njira yathu. Pamenepo mtima wakhalako pansi. Diso langa lilimo, langolowera khomo lakuseri.

Matabwa ndiwo avuta. Kudula mpaka pa mzere dzanja likukana lokha. Ndikafika pafupi, laima. Oyambawo ndapeza ndasiyanso kanyama osadziwa, ndachita kubwereza.

China. Thabwa lowongoka mlendo sangalipinde, lithyoka ngati a dokotala aja. Liyenera kulowa m'bokosi litapindika kale. Pa gombe timapinda ndi moto ndi mafuta, koma timatabwa ta mtengo wa tiki topyapyala chonchi tingapse. Ndaganiza, ndaganiza. Kenako ndalowa kukhitchini, ndatenga mphika wa puttu, chakudya chathu cham'mawa chophika ndi nthunzi, uja wa chitoliro pamwamba, ndalowetsa timatabwa momwe mumalowa ufa wa mpunga. Nthunzi yagwira ntchito bwino zedi. Tikupindika ngati tsamba la nthochi.

Akazi anga a Chirutha andipeza ndili pakati.

"Bambo a Sheeja, mawa m'mawa mudya tiki?"

Ndati n'kanthawi chabe.

"Kanthawi kanu ndimakadziwa. Sefa yanga inapita kanthawi, mpaka lero ikusefa utuchi."

Autsuka kawiri mphikawo akung'ung'udza. Kenako andibwezera okha. Akuti ukununkha thabwa, ndikagule wina.

Lachisanu, 18 Januwale

Bokosi latha. Msana, nthiti, matabwa opinda, milongoti iwiri, matanga, zingwe, kabotolo ka guluu. Sheeja walemba manambala pa chidutswa chilichonse, wajambula pa pepala choyamba ndi chotsatira.

Tsono womanga. Sheeja sawerengedwa, anakulira mu utuchi. Mumsewu muno yemwe si kalipentala ndi mwana wa kalipentala. Tili pa mpunga wamasana tikutchula mayina, uyu ayi, uyunso ayi.

"Ine ndilipo," atero a Chirutha, akuchotsa minga ya nsomba.

Ndaseka. Zaka zonse zija ankandibweretsera chakudya pa gombe, ankatula pa geti n'kubwerera. Chombo sanachikhudzepo, chachikulu kaya chaching'ono. Chawo n'kusesa zopalidwa.

"Mukuseka chiyani? Mukufuna munthu wosadziwa kanthu. Si mmene mumandinenera ine?"

Ndati sindinanenepo.

"Pakamwa ayi."

Sheeja wavomera nthawi yomweyo, koma ndi lamulo. Ine ndikhale pa mpando, manja pansi pa ntchafu, pakamwa potseka. "Ku Dubai simudzakhalako, bambo."

Masiku atsala ochepa. Akalephera iwowa, palibenso nthawi yofunira wina.

Loweruka, 19 Januwale

A Chirutha ayala nsalu pakhonde, avala magalasi awo osokera, atsegula bokosi ngati akutsegula thumba la mpunga. Zidutswa aziyala monga amayalira ndiwo asanaphike. Nthiti zalowa msanga, mpaka ayamba kanyimbo. Ndati mumtima, imbani, matabwa akubwera.

Thabwa loyamba atenga la kumanzere n'kuliika kumanja. Ndatsokomola. Aliyang'ana, alitembenuza chadodolido. Ndatsokomolanso.

"Sheeja, bambo ako apatse madzi. Chifuwa chawayamba."

Kenako aika la kumanzere ndi la kumanja pamodzi, akuti awa n'chimodzimodzi, nambala yawonso ndi imodzi. Kwa ine amasiyana ngati mbuzi ndi galu, koma pakamwa panali potseka. Adzuka, abwera ndi kambale ka chikasu. Ayamba kuyesa thabwa lililonse pa nthiti, mbali iyi, mbali iyo. Logona bwino kumanzere akulidontheza chikasu m'kati ndi chala chaching'ono. Zawatengera m'mawa wonse. Sheeja akuti kuyambira lero matabwa onse a kumanzere azilowa m'bokosi ali ndi kadontho.

Vuto lina, guluu asanagwire thabwa limadzuka. Ine ndimangolipana ndi zala n'kudikira, zala zinazolowera. Iwo ayesa, zala zatopa. Apita kuseri kwa nyumba, abwera ndi mapegi a zovala m'nsalu. Chombo chonse mapegi okhaokha, ngati nungu. Ndatsinzina. Kutsegula maso, chagwira.

Cha kumadzulo thabwa lina la kutsogolo lakana. Akankha, lakana. Alitembenuza, lakana. Ine ndaliona ndili pa mpando pomwepo. Lanenepa. Dzanja linandibera Lachinayi lija, kanyama kanatsala. Kachopalira kanga kakang'ono kanali m'thumba la malaya. Ndangozindikira ndaimirira, dzanja lili pa chombo.

A Chirutha mbama pa dzanja langa, phaa!

"M'bokosimo mudzalowamo inu?"

Ndati kungokhudza kamodzi, mayi a Sheeja, kamodzi kokha.

"Tengani thabwa lanuli mupite nalo uko, mukalidule bwino. Chombo changa musachiyandikire."

Ndapita nalo ku benchi. Ndalidula mpaka pa mzere, chombo osachiona, osayesa. Ndabwera nalo, ndawapatsa ndi manja awiri. Apaka guluu, akankha ndi chala chachikulu.

Lalowa.

Lamulungu, 20 Januwale

Khungu latsekeka mbali zonse. Mapegi abwerera pa chingwe. Waphika ndi Sheeja, mchere wadzadza, palibe wadandaula.

Mphuno ya chombo yapendekera kumanja pang'ono. Thabwa lapamwamba latukuka ngati chikhadabo. Andipeza ndikuyang'ana.

"Nenani."

Ndati palibe.

"Ndiye pitani mukapeze chochita."

Ndapita ku benchi, ndadula matabwa a bokosi lachiwiri, ngakhale sindikudziwa ngati lidzafunika. Pobwera ndapeza milongoti yaima. Zingwe amanga ndi mfundo zawo zomangira matumba, osati za pa chombo. Bambo anga akanaona akanalavula. Ndakoka chimodzi mwakabisira, sichinasunthe.

Mawa a Haji. Mphuno ija ikundiyabwa m'manja. Kachopalira ndakamupatsa Sheeja ndekha, asunge mpaka mawa madzulo.

Lolemba, 21 Januwale

A Haji afika dzuwa litakwera. Chombo chili pa tebulo pakhonde. Achinyamula, achiyang'ana kunsi, achiunika ku dzuwa kufuna mipata. Agogoda mimba ndi chala. Achibwezera pansi.

"Mwamanga inu ichi, amisiri. Musandinamize ukalamba uno."

"Ine? Ndingamange mphuno yotereyi ine?"

Zangotuluka zokha. A Chirutha andiyang'ana diso lija. A Haji aseka mpaka kugwira chipewa, koma akuti kuseka si umboni. Sheeja anali atasiya dala chiwongolero m'bokosi. A Chirutha apukuta manja pa nsalu, atenga guluu ndi kamtengo ka machesi, apaka, alowetsa, apana ndi pegi.

"Chimenecho mudikire chiume, a Haji. Musamachigwedeze ngati mukutonthoza mwana."

A Haji akhala pansi. Apempha tiyi. Afunsa za kadontho kachikasu, afunsa za mapegi, akuti azilowa m'bokosi lililonse. Za Coimbatore sanatchulenso. Ntchito ikhala pano.

Ponyamuka anyamula chombo, akuti akachiike pa windo la shopu yawo anthu aziona.

"Siyani chimenecho," atero a Chirutha. "Mudikire bokosi, mukamange chanu."

Achisiya.

Masana ndabwerera ku benchi kuti ndiyambe nthiti za bokosi lachiwiri. Ndapeza kampando ka kukhitchini kali pawindo, pamalo panga powala. A Chirutha akhalapo, magalasi pamphuno, chombo chawo pamiyendo, akuyesa matabwa a dzulo limodzi ndi limodzi pambali pake. Awiri aika padera.

"Awa anenepa," atero, mutu osatukula.

Ndakokera mpando wanga kumapeto kwa benchi. Ndatenga loyamba.