Chibenthu cha Mphero Yanu

Amayi, muli bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Kabwata tikudzuka. Mlamu wanu wa ku Emmasdale uja anachira miyendo, ndipo mkazi wa mwana wanu Yohane wabereka mwana wamwamuna wa mphuno ngati yanu. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinachita bwino, koma ana a anthu anatithandiza kukolola chisanakhwime. Shuga ndiye tikumuonera pa mzere, tikafika kutsogolo akuti watha.

Nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya mphero yanu, ija munabwera nayo pa lole kuchokera kummawa chaka cha ufulu, adilaivala akudandaula kuti mwakweza phiri. Mdzukulu wanu Tisa, amene akuphunzira za miyala ku yunivesite, anaibenthula ngodya ndi hamala. Akuti aphunzitsi anawauza kuti aliyense abweretse mwala. Lusaka yonseyi miyala ili mbwee, iye n'kuona wanu! Ndinapsa mtima, Amayi. Ndinamuuza kuti sukulu imene imaphunzitsa mwana kuswa za agogo ake si sukulu, ndipo anatenga chikwama n'kukakhala kwa azakhali ake ku Chelstone. Mwezi unatha osalankhulana. Ndinkamusowa koopsa, koma mukundidziwa, khosi langa silipindika msanga.

Loweruka lapitali anabwera yekha. Sanapepese. Anangonditambasula dzanja, n'kuikapo chibenthu chija ndi kagalasi kokuzira zinthu, amvekere, “Ba mami, yang'anani chabe.” Ndinafuna kukana, koma ndinakumbukira mawu anu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kunja mphero ija ndi yotuwa, mwaidziwa. Koma mkati, Amayi! Muli timibulu tofiirira, tina toyera ngati mchere, tina takuda tonyezimira, tonse tolumana. Tisa akuti kalekale mwalawu unali wamadzimadzi chifukwa cha kutentha, uli pansi penipeni pa nthaka. Kumeneko unazizira pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka, ndiye timibulu tinapeza mpata wokula. Anatulutsanso m'thumba kamwala kena kakuda, kosalala, kopanda kambulu kooneka ndi maso. Kameneko akuti kanatulukira kunja kali kotentha, mphepo n'kukaziziritsa msanga.

Ndinaseka, chifukwa zimenezi inu munkazichita m'khitchini. Mukamaphika maswiti a nshawa, a mtedza aja, ogulitsa kumsika, manyuchi mukawathira pa thireyi yozizira ankauma ngati galasi, koma otsalira m'poto ankachita mchengamchenga, ife ana n'kumakanganirana. Nditamuuza, anakondwa ngati ndamupatsa mphatso, ndipo tinapezeka tikucheza ngati palibe chinachitika.

Kenako anandifunsa kuti mpheroyi inasemedwa pa phiri liti. Akuti mapiri amasiyana timibulu, ndipo akanakonda kukaima pamene agogo ake anaima. Sindikudziwa, Amayi. Ndaperapo mawere ndi nshawa kuyambira ndili kamtsikana, ndinamuthamangitsira mwana wanga mwala umenewu, koma sindinakufunseni ngakhale tsiku limodzi kumene unachokera. Atate anatsogola, amalume anatsogola, inu munatseka chitseko. Ndinalira ngati maliro ayambiranso, ndipo mwana amene ndinamuthamangitsa uja ndi amene anandipukuta misozi.

Tisa wabwerera kunyumba. Tagwirizana kuti sukulu ikatsekera tikwera basi ya kummawa, chibenthu chili m'nsalu yanga, tizikafanizira phiri ndi phiri. Iye akuti mwina sitikalipeza, mapiri otere ndi ambiri kumeneko. Ine ndamuuza kuti asandiphunzitse kutopa. Mukationa tikulowera kolakwika, musangotiseka, mutikodole.

Ndikulonjeza kuti tikalipeza ndidzabwera kumanda kwanu kudzakuuzani dzina lake, ngakhale inu mukulidziwa kale.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati